Ikani makonzedwe a logging mu conftest.py

Achimwene, mwafunsa kuti makonzedwe a logging (kulemba uthenga wa zimene pulogalamu ikuchita) muwaike pati kuti mayeso onse a pytest, chida choyesera mapulogalamu a Python, pa pulojekiti yanu ya ku Chanco azigwiritsa ntchito amodzimodzi. Lekani kukopera mizere ija mu fayilo iliyonse.

Pangani conftest.py, fayilo imene pytest imaiwerenga yokha, pamwamba pa foda ya mayeso, mulembemo function yotchedwa pytest_configure, ndipo m'katimo muitane logging.config.dictConfig. pytest_configure imathamanga pytest isanayambe kusonkhanitsa mayeso. Ambiri amakonda fixture ya session (code yokonzekeretsa mayeso imene imathamanga kamodzi pa mayeso onse), koma ine sindiikonda pa ntchito imeneyi, chifukwa imabwera mochedwa: uthenga wolembedwa pa nthawi ya import umakhala utadutsa kale.

Pamene pamagwa anthu ambiri ndi apa. Mu dictConfig, disable_existing_loggers imakhala True ngati simunaitchule, choncho ma logger amene analipo kale amangoti zii, inu nkumafunafuna vuto usiku wonse. Lembani False. Komanso musaike propagate kukhala False, apo ayi caplog, chida cha pytest chogwira uthenga wa logging, sidzaona kanthu, poti imamvera pa root logger, logger yaikulu kumene propagate imatumiza uthenga wa ma logger ena.

Mukafuna kuona uthenga mayeso ali mkati, onjezani log_cli = true mu pytest.ini. Ngati mukugwiritsa ntchito xdist, imene imagawa mayeso kwa ma worker angapo othamanga nthawi imodzi, worker aliyense akhale ndi fayilo yakeyake ya log. Dzina la worker, monga gw0, mulipeza mu PYTEST_XDIST_WORKER.