Nyenyezi za paphewa zimatsala pansi ndege ikanyamuka

Adzukulu anga awiri amene akuphunzira kuyendetsa ndege za asilikali andifunsa zinthu, ndipo ndati ndiyankhe poyera chifukwa ndikudziwa kuti anzawo nawonso zikuwasowetsa mtendere. Wa ku Kawale akudandaula kuti iye ndi ofesala, wakhetsa thukuta ku MAFCO ku Salima, nanga bwanji munthu wamba wa pansanja yoongolera ndege pabwalo, wopanda ngakhale yunifomu, azimuuza kuti ima, dikira, zungulira? Akutinso kubwereza mawu onse a munthuyo pawailesi ngati mwana wa sitandade 1 kumamuchititsa manyazi. Wa ku Mitundu lake ndi lina. Akufunsa ngati n'kulakwa, tsiku limene mphunzitsi adzamusiye kuuluka yekha, kudutsa chapansipansi pamwamba pa mudzi wa kwawo kuti amayi ake amuone.

Ndiyambe ndi iwe wa ku Kawale, popeza nsanja ukuinyozayo ine ndinakhalamo mpaka imvi. Pali pamene ukunena zoona. Pangano la ku Chicago la 1944, limene linabala ICAO, bungwe loona za ndege za anthu wamba padziko lonse lomwe likulu lake lili ku Montreal, silimanga ndege za asilikali, za apolisi ndi za akasitomu. Koma ndime yachitatu yomweyo, imene imakumasulani, imanenanso kuti boma lililonse poika malamulo a ndege zake zotere liziganizira chitetezo cha ndege za anthu wamba. Mlengalenga mwa Lilongwe ndi mmodzi, mdzukulu wanga. Pamene iwe ukuyeserera kutera, ndege yochokera ku Addis Ababa kapena ku Johannesburg ikutsikira ku Lumbadzi itadzaza anthu. Iwe ukuona zimene zili kutsogolo kwa mphuno ya ndege yako basi. Wa pansanja akudziwa yemwe ali pamwamba pako, yemwe ali kumbuyo kwako, ndi galimoto ya ozimitsa moto imene ikufuna kudutsa msewu wa ndege. Akakuuza kuti udikire, sakuyesa udindo wako. Ngakhale atakhala mtsikana wa msinkhu wa mlongo wako wamng'ono, pa nthawi imeneyo mawu ake ndiwo akuyendetsa bwalo, ndipo kenelo nayenso amawamvera.

Zobwereza mawuzo ndiye usachite nazo manyazi ngakhale pang'ono. Kumudzi mfumu ikatuma mthenga kukalengeza maliro, samuleka kunyamuka asanabwereze dzina la womwalira, mudzi wake ndi tsiku loika, chifukwa akaphonya dzina limodzi anthu akalira munthu wamoyo. Pawailesi n'chimodzimodzi. Zoyenera kubwereza zimadziwika: msewu umene wapatsidwa, chilolezo cholowa, chodutsa, chonyamuka kapena chotera, lamulo loti uime usanafike pamsewuwo, kutalika kumene uulukepo, kumene ulunjike, nambala ya transponder (chida chodziwitsa a pansi kuti ndegeyo ndi iti), ndi QNH. Kungoti "roger" sikukwana, chifukwa kumangosonyeza kuti mawu afika m'khutu mwako, osati kuti wamva chimene chanenedwa.

Tenga QNH yomweyo. Imeneyi ndi nambala ya kulemera kwa mpweya imene umatchera m'chida chokuuza kutalika. Bwalo la Kamuzu lili pa mafiti pafupifupi 4,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo ukatchera bwino, ndege ili pansi chidacho chimasonyeza pafupi ndi pamenepo. Tsono wa pansanja anene kuti 1012, iwe m'phokoso la injini umve 1022, n'kutchera osabwereza. Kusiyana kwa 10 kumeneko kukunamiza ndi mafiti oyandikira 300, ndipo kukunamiza mbali yoipa: chida chikuti uli pamwamba, iwe uli pansi. Masana kuli ngwee udzaziona ndi maso. Nanga mumtambo, chakumapiri a ku Dowa kapena pafupi ndi Nkhoma? Ukanabwereza, wa pansanja akanakugwira pomwepo n'kukukonza, nkhani n'kutha m'masekondi awiri. Ngakhale nambala za msewu zili ndi tanthauzo. Wa ku Lumbadzi ndi umodzi, koma mbali ina ndi 14, ina ndi 32, kutanthauza madigiri 140 ndi 320 pa kampasi. Kusokoneza ziwirizi ndiko kukakumana maso ndi maso ndi mnzako.

Aphunzitsi ako adzakuuza za Tenerife. Pa 27 March 1977, ndege ziwiri za Boeing 747, ya KLM ndi ya Pan Am, zinawombana pamsewu wa ndege kuli chifunga, ndipo anthu 583 anafa. Kaputeni wa KLM anali mkulu wophunzitsa anzake m'kampaniyo, munthu woopedwa. Anayamba kuthamanga asanapatsidwe chilolezo chonyamuka. Injiniya wake anafunsa ngati ndege inayo yachoka kale pamsewu, iye n'kuyankha motsimikiza kuti inde, ndipo panalibenso wolimbikira. Ine pamenepa ndi pomwe ndimadandaulira mwambo wathu. Tinakuphunzitsani kuti wamkulu satsutsidwa pagulu, usilikali n'kudzawonjezera kuti lamulo silifunsidwa. Ziwirizi zikakumana m'chipinda cha oyendetsa ndege zimapha. Ukaona mphunzitsi wako, kaya ndi meja, akulowa msewu umene sanaloledwe, lankhula, mokweza ndithu, utchule chinthucho. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo mkulu wanzeru adzakuthokoza mukatsika.

Tsono usaganize kuti ndikukuuza kuti uzingomvera ngati nkhosa. Malamulo a mlengalenga amaika udindo womaliza pa woyendetsa amene akulamula ndegeyo. Wa pansanja akakuuza chinthu chimene ndege yako singathe, kapena chokulowetsa m'mtambo wa mvula ya mabingu, umati "unable", kutanthauza kuti sindingathe, n'kunena chimene ungathe. Sadzakwiya, adzakupezera njira ina. Ngati sunamve, umati "say again", kawiri kapena katatu, palibe mlandu. Chovuta kwambiri ndi bwana amene wakhala kumbuyo, amene akuyang'ana wotchi chifukwa msonkhano ukumudikira. Ameneyo umamupatsa sawatcha, umamutchula ndi ulemu wake wonse, kenako umamuuza kuti nyengo sikulola ndipo sitinyamuka. Zimafuna mtima kuposa kuguba padzuwa, ndipo ndi bwino uyambe kuzolowera ukadali wophunzira.

Iwe wa ku Mitundu, ndamva kukoma mtima kwako, koma ayi. Lamulo limati pamwamba pa mizinda, midzi yodzaza nyumba kapena khamu la anthu usatsike kuchepera mafiti 1,000 kuchokera pa chinthu chachitali kwambiri chimene chili m'kati mwa mamita 600, ndipo kwina konse usachepere mafiti 500, kupatula ponyamuka ndi potera. Asilikali amaphunziradi kuuluka chapansi, koma m'malo osankhidwa, mololedwa, atakonzekera njira yonse pamapu. Chimene chimachitika kwa mnyamata wokaonetsa mbiri kwawo ndachimva kambirimbiri m'mayiko osiyanasiyana, ndipo chimayenda mofanana. Maso ali pabwalo la amayi ake, akufunafuna denga la malata limene analigula ndi malipiro ake oyamba. Akupendeketsa ndege kwambiri kuti aone bwino, liwiro likutsika iye osaliona, mapiko akuleka kunyamula, ndipo pansi pali pafupi kwambiri moti palibe mpata wowongolera. Osaiwalanso nsanja za mafoni ndi mawaya a magetsi amene saoneka mpaka utafika. Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Amayi akowo uwaitane tsiku lovekedwa mapiko, adzakuone ali pampando, atavala chitenje chawo chatsopano.

Popeza nonse mukadali pa kuuluka koona ndi maso, kumene amati VFR, sungani miyeso yake. Pansi pa mafiti 10,000 uziona patali makilomita 5, pamwamba pake 8, ndipo mtambo uziutalikira mamita 1,500 cham'mbali ndi mafiti 1,000 pamwamba kapena pansi. Kuno kwathu miyeso imeneyi imasowa msanga. Mu September ndi October utsi wa moto wa m'tchire umaphimba dambo lonse la Lilongwe, phiri la Bunda osaoneka. Nthawi ya dzinja mitambo ya mabingu imakwera masana ngati ikuthamangitsidwa. Mu June ndi July chifunga chimagona pamapiri. Wophunzira akalowa mumtambo asanaphunzire kuuluka ndi zida zokha, thupi limamunamiza, amamva ngati ali chilili pamene ndege ikupendekeka. Mankhwala ake ndi kubwerera usanalowemo. Tonse tikukumbukira 10 June 2024, pamene ndege ya asilikali ya Dornier 228 yochoka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu inagwa m'nkhalango ya Chikangawa nyengo itaipa, n'kutenga Wachiwiri kwa Pulezidenti Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu. Sindikutchula zimenezi kuti ndiloze chala omwe anagona, mizimu yawo iuse mumtendere, koma kuti mudziwe kuti mapiri ndi chifunga zimene mukuwerenga m'mabuku ndi zathu zomwezi.

Zopatsana njira n'zosavuta, ndingodutsamo. Mukayang'anizana, aliyense akhotere kumanja. Njira zanu zikamakumana, amene akuona mnzake kudzanja lake lamanja ndiye apatuke. Popitirira mnzako, dzera kumanja kwake. Awiri akamatera, wapansi ndiye woyamba, koma osachita kudumphira pansi dala kuti ulande malo. Amene ali pamavuto onse amamupatsa njira.

Mavutowo akadzakugwera iwe, usabise poopa kuti anzako akaseka kumesi. Yamba wagwira ndege kuti iziuluka, kenako dziwa kumene ukupita, kulankhula kubwere pambuyo. Moyo ukakhala pachiswe umati "Mayday" katatu, vuto likakhala lofuna changu koma losafika pamenepo umati "Pan-Pan" katatu. Ngati amene umalankhula naye sakukumva, tchera wailesi pa 121.5, nambala ya pangozi, ndipo mawailesi a asilikali alinso ndi 243.0. Pa transponder, 7700 ndi ngozi, 7600 ndi wailesi yafa, 7500 ndi ndege yalandidwa, choncho potembenuza manambala samala kuti chala chisaime pa 7500 mwangozi, ungadzutse dziko lonse. Wailesi ikafa uli pafupi ndi bwalo, lowa m'mzere wozungulira monga mwa masiku onse, maso ali kunsanja, pakuti kumeneko kuli nyali. Yobiriwira yosaphethira ikuti tera. Yofiira yosaphethira ikuti patsa ena njira, pitiriza kuzungulira. Yofiira yophethira ikuti bwalo silili bwino, usatere. Kuti adziwe kuti waona, masana gwedeza mapiko, usiku yatsa ndi kuzimitsa magetsi otererera kawiri.