Yankho kwa amene wafunsa za filimu ya Children of Men

Mbale wanga, mwafunsa chifukwa chimene anthu amatamandira filimu imeneyi pamene inu mwaionera mpaka kumapeto osapezamo china koma maliro, matope ndi mfuti, ndipo mwadandaulanso kuti sinafotokoze n'komwe chimene chinaletsa akazi kubereka, komanso kuti mathero ake ndi opanda mutu. Zoti ndi yolemera pamtima sindikutsutsani. Koma kusafotokozako anakuchita dala, ndipo ine ndikuona kuti anachita bwino. Amene simunaionere dziwani kuti ndiulula zina za kumapeto.

Filimuyi inatuluka mu 2006, anaikonza ndi Alfonso Cuarón wa ku Mexico potengera buku la P. D. James la mu 1992. Nkhani ikuchitika ku England mu 2027, patapita zaka 18 chibadwire mwana womaliza padziko lonse. Maiko ambiri agwa, Britain yatseka malire ake, ndipo othawa kwawo akusakidwa m'misewu, kutsekeredwa m'makola a waya n'kukatayidwa ku msasa wa Bexhill. Theo, amene akuseweredwa ndi Clive Owen, ndi munthu amene anataya mtima kalekale mwana wake atamwalira, ndipo amangoyendera botolo. Iyeyu ndiye akupemphedwa kuperekeza Kee, mtsikana wa ku Africa wothawa kwawo, amene ali ndi pakati.

Akanatiuza kuti chinayambitsa ndi matenda akutiakuti kapena mankhwala akutiakuti, tonse tikanakhala pansi kudikira dokotala wobwera ndi jekeseni, ndipo nkhani ikanathera pomwepo. Funso limene filimuyi ikufunsa ndi lina: kodi anthu amakhala otani akasiya kuyembekezera mawa? Taganizirani zinthu zimene timachita kuno chifukwa cha ana okha. Munthu amabzala mtengo wa mango umene mwina sadzadya zipatso zake, amaumba njerwa, amasunga ng'ombe, amagulitsa mtedza ndi thonje kuti alipire sukulu, ndipo ngakhale milandu ya minda imene mafumu athu amaweruza imakhala ya malo a zidzukulu. Mukachotsa mwana, zonsezo zilibe pokolowekera. N'chifukwa chake m'filimumo zinyalala zili mbwee, sukulu yasanduka bwinja loyendamo nyama zakutchire, ndipo boma likugawa mankhwala otchedwa Quietus kuti wotopa ndi moyo adzichotse yekha mwakachetechete. Pali msuweni wa Theo amene akusonkhanitsa zosemasema ndi zojambula zotchuka za dziko lonse m'nyumba imodzi, ndipo atafunsidwa kuti adzazione ndani zaka zikubwerazo, yankho lake ndi loti iye saganizako za zimenezo.

Ife a kuno ku chigawo cha kum'mawa kwa Zambia tili ndi chifukwa choionera ndi maso ena. M'zaka za m'ma 1990 tinaona chinthu chotembenuka cha zimenezi, pamene Edzi inatenga makolo n'kusiya ana m'manja mwa agogo awo. Midzi inali ndi ana, koma mbadwo wapakati unaphwasuka. Tikudziwanso za othawa nkhondo. Anthu a ku Mozambique analowa m'chigawo chino pothawa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, ambiri nakhazikika ku Ukwimi cha ku Petauke, mpaka anayamba kubwerera kwawo pambuyo pa mgwirizano wamtendere wa ku Rome mu 1992. Ena mwa iwo anali a mtundu wathu womwe, pakuti Achewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika pa Kulamba pamaso pa Kalonga Gawa Undi mmodzi. Tsono munthu wokulira pafupi ndi malire a Mwami, a pakati pa Zambia ndi Malawi, akaona anthu ali m'khola chifukwa chosowa pepala, sangaone ngati nthano ya kutali. Ndipo zoti mwana woyamba m'zaka 18 akubadwa kwa mtsikana wakuda wopanda chilolezo, yemweyo amene boma likufuna kumupirikitsa, ndi zija akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. M'buku la James woyembekezerayo ndi mkazi wa ku England konko, choncho kusinthaku kunali kwadala.

Kusintha kwina kumene anachita sindigwirizana nako. M'bukumo vuto lili mwa amuna, koma filimu inalisamutsira kwa akazi. Kwathu kuno, kumene banja likakhala lopanda mwana chala chimathamangira kuloza mkazi, mwamuna osafunsidwa n'komwe, ndikanakonda akanalisiya momwe linalili. Ndionjezenso kuti Kee sitikumudziwa mokwanira. Tikudziwa zambiri za chisoni cha Theo kuposa za moyo wa mtsikana amene wasenza dziko lonse m'mimba mwake, ndipo zigawenga zofuna kulanda mwanayo kuti zimugwiritse ntchito pa ndale zawo zajambulidwa mothamanga.

Pa luso la kajambulidwe palibe chodandaula. Emmanuel Lubezki, amene anagwira kamera, amalola zochitika kuyenda nthawi yaitali popanda kudula koonekera. Pamene galimoto ikuukiridwa m'nkhalango, woonera amakhala m'kati mwa galimotoyo pafupifupi mphindi zinayi, kuyambira pa nthabwala mpaka pa imfa, wopanda mpata wopumira. Ku Bexhill magazi amadonthera pagalasi la kamera ndipo anawasiya pomwepo. Mukadzaioneranso, chotsani maso pa Theo muyang'ane za kumbuyo kwake, chifukwa nthawi zambiri kamera imamusiya n'kutembenukira kwa mayi wolira kapena nkhalamba ya m'khola, ndipo kumeneko ndiko kuli nkhani yeniyeni. Muonenso kuti Theo sawombera munthu ndi mfuti m'filimu yonseyi, ndipo mbali ina akuthawa atavala mapatapata.

Malo amene amandigwira kwambiri ndi pamene khanda limene Kee wangobereka likulira m'nyumba yozingidwa ndi nkhondo. Asilikali ndi zigawenga aleka kuwombera, ena agwada, ena akulemba chizindikiro cha mtanda, ndipo Theo ndi Kee akutsika masitepe pakati pawo. Filimu yofuna kutisangalatsa ikanathera pamenepo, nkhondo itatha chifukwa cha mwana. Iyi ayi, atangodutsa pang'ono, chipolopolo chikulira ndipo onse abwerera ku ntchito yawo yophana, ngati kuti sanaone kanthu. Amene anaonapo abale akukumbatirana kumanda n'kuyamba kulimbirana katundu wa malemu tsiku lomwelo sangati zimenezi n'zabodza.

Za mathero amene mwati ndi opanda mutu, Theo akumwalira m'bwato, Kee akutcha mwana wake Dylan, dzina la mwana wa Theo uja, ndipo sitima yotchedwa Tomorrow, imene iwo ankapita kukakumana nayo, ikutulukira m'chifunga. Sitikuuzidwa ngati anthu a m'sitimamo ali okhulupirika, pamene pafupifupi gulu lililonse limene linalonjeza kuthandiza Kee linali ndi zolinga zake. Ena amamva kuseka kwa ana kumene kumabwera chithunzi chitazima n'kunena kuti anthu anapulumuka. Ine sindifika pamenepo, chifukwa mwana mmodzi sachotsa makola aja, ndipo boma limene linawamanga likadalipo m'mawa mwake.