Za kampu ya utsogoleri ija: madola 120 asungeni kaye

Achemwali, mwafunsa ngati kampu ya utsogoleri ya masiku atatu ku hotela ya m'tauni kuno ku Harare, ya madola 120 ija, ingamuthandize mtsikana wanu wa Fomu 3, amene wasiya kuyankhula Chichewa pagulu chiyambire anzake kumunena za "mabhurandaya", dzina lonyozera anthu ochokera ku Malawi. Mwafunsanso za maphunziro akunja, koma ine ndiyankha za kampuzi.

Ndalamazo musalipire msanga. Makampu ambiri otere amayenda mofanana: ana mazana awiri muholo imodzi, olankhula asanu kapena asanu ndi mmodzi akusinthana maikolofoni, chakudya chamasana, tisheti, kenako satifiketi. Mwana amabwerako ali ndi moto, pakangotha masabata awiri motowo wazima, chifukwa sanapatsidwe ntchito iliyonse yoti aigwire ndi anzake. Pagulu lalikulu choncho ana amakhala monga anabwerera, a sukulu za ku Borrowdale, dera la anthu olemera, mbali yawo, a m'makomboni a Mufakose ndi Dzivarasekwa mbali yawo, ndipo amene ali ndi Chingerezi chosalala ndi amene amalankhula tsiku lonse. Mwana wamanyazi amachokako manyazi atawonjezeka. Amene akuti "ingomutumizani, satifiketi idzamuthandiza" aja akuyang'ana pepala, sakuyang'ana mwanayo.

Ngati mukufunabe, afunseni okonzawo izi musanatulutse kobiri. Kalata yadzera kwa ahedi ndipo a unduna wa maphunziro avomereza, kapena yangofika pa WhatsApp? Ana amagawidwa m'timagulu ta angati? Kagulu kabwino ndi ka ana 6 mpaka 8, osakanizidwa ndi mlangizi, osati odzisankha okha. Kogona kuli akuluakulu angati, ndipo atsikana akuyang'aniridwa ndi mzimayi? Wamkulu mmodzi asapitirire ana khumi. Akakuuzani kuti mutumize ndalama pafoni, pa EcoCash ya munthu, popanda risiti ya bungwe, pamenepo tembenukani. Mwana azipita ataloweza 116, nambala yaulere ya Childline, bungwe lothandiza ana amene ali pamavuto.

Chimene ndingakulimbikitseni ndi kalabu ya pasukulu yoyenda chaka chonse, makamaka Interact. Imeneyi imatenga ana a zaka 12 mpaka 18, imayang'aniridwa ndi kalabu ya Rotary (bungwe la akuluakulu ogwira ntchito zothandiza anthu), ndipo chaka chilichonse iyenera kugwira ntchito zosachepera ziwiri: ina yothandiza sukulu kapena dera, ina yolimbikitsa kumvana ndi anthu a maiko ena. Utsogoleri amauphunzira pamenepo. Wina alembe kalata yopempha chilolezo, wina asunge buku la ndalama, wina akapepese kwa ahedi zinthu zikalakwika. Mtsikana wanu asayambe ndi kufuna upulezidenti. Apemphe ulembi, chifukwa mlembi amayenera kulankhula ndi membala aliyense, Mshona, Mndebele, Mtonga, ngakhale uja amamunyoza. Zolipira zake ndi zazing'ono, kuwonjezera ya kombi (minibasi) masiku otuluka. Ngati pasukulupo palibe, pamafunika mphunzitsi mmodzi wovomera kukhala mlangizi, chilolezo cha ahedi, ndi kalata yopita ku kalabu ya Rotary yapafupi. Makalabu ambiri amafera pa mphunzitsi: akasamutsidwa, misonkhano imatha. Nchifukwa chake ndi bwino alangizi akhale awiri kuyambira pachiyambi.

Palinso Junior Council, khonsolo ya ana ya mzinda wa Harare, ndi Junior Parliament, nyumba ya malamulo ya ana, imene imatsegulidwa cha pa 16 June, tsiku la mwana wa mu Africa. Kumeneko amalowa kudzera kusukulu, ndiye funsani aphunzitsi teremu yoyamba, osati mu June zonse zitatha. Fomu 3 ndi nthawi yake. Chaka chamawa mayeso a Fomu 4 a ZIMSEC adzamudyera nthawi yonse.

Tsopano za mitundu, pamene pali mtima wa funso lanu. Mapulogalamu ambiri akati akuphunzitsa kulemekezana amangochita tsiku la chikhalidwe: ana avale zakwawo, abweretse chakudya, avine, basi. Choipa kwambiri ndi pamene mlangizi amaloza mwana mmodzi nkuti, "Iwe wa ku Malawi, tiuze za zvigure," kalasi yonse nkuphulika kuseka. Mwana sayenera kuyimira mtundu wonse, ndipo za Gule Wamkulu, amene kuno amati zvigure, si zofotokoza mwana pagulu la anthu oseka, ngakhale UNESCO inaulemekeza mu 2005. Mlangizi wodziwa ntchito amayamba ndi malamulo amene anawo apangana okha, monga kusatchulana maina onyoza ndi kusaulula kunja zimene mnzawo wanena. Kenako amawakhazika awiriawiri, aliyense afotokoze kwa mphindi zitatu kumene agogo ake anachokera, ndipo mnzakeyo ndi amene akafotokozere gulu. Ana amadabwa kuona kuti pafupifupi aliyense agogo ake anachita kubwera ku Harare, wina kuchokera ku Chipinge, wina ku Tete, wina ku Dedza. Onaninso zing'onozing'ono: mwana wa Chisilamu wamukonzera chakudya? Wachialubino akumuimika padzuwa? Wa njinga ya olumala alowa bwanji muholo? Zimenezi zikasowa, mawu okoma a pa positala musawakhulupirire.

Kunyumba mupatseni mwanayo poimira. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013, gawo 6, amatchula zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo Chewa ndi dzina loyamba pamndandandawo. Gawo 56 limaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, chilankhulo kapena kumene anabadwira. Musindikizireni masamba awiriwo, awerenge yekha, ndipo angathe kuwagwiritsa ntchito pa mtsutso wa kusukulu. Kunyozako kukapitirira, lembani kalata kwa aphunzitsi a uphungu, mutchule masiku ndi mawu enieni amene ananenedwa, ndipo musunge kope lanu. Dandaulo lapakamwa limaiwalika.

China chimene simunafunse: mapepala. Pafupifupi pulogalamu iliyonse idzafuna satifiketi ya kubadwa, ndipo akakwanitsa zaka 16 afunika chitupa. Mabanja athu ambiri amagwa apa, chifukwa chitupa cha mayi kapena bambo chikadali ndi chilembo A cha mlendo. Gawo 43 limati munthu wobadwira ku Zimbabwe malamulowa asanatuluke, amene kholo lake linali nzika ya dziko la SADC monga Malawi, ndipo munthuyo ankakhala kuno nthawi imeneyo, ndi nzika yobadwa. Tengani masatifiketi anu ndi a mwana, zitupa zonse ndi makope ake, mulawirire ku ofesi ya kaundula tchuthi chikubwerachi. Pa madola 120 aja, patulaniko za ulendo umenewu poyamba.