Submariner yakale kapena yatsopano?

Achimwene, mwafunsa kuti mugule wotchi ya Rolex Submariner yakale kapena yatsopano. Ine mtima wanga uli pa yakale ija, ya mtundu wa nambala 16610. Mkombero wozungulira galasi lake ndi wa aluminiyamu, umasuluka ndi dzuwa, ndipo kusulukako n'kumene otolera mawotchi amakonda, poti iliyonse imakalamba mwamtundu wake. Pamkono ndi yopepukanso.

Pa imene inalowa m'malo mwake mu 2010, a Rolex anaika mkombero wa seramiki. Sukandika wamba, koma kunyezimira kwakeko, mukakwera kombi ya ku Mbare aliyense maso ali pamkono panu! Ya 2020 ndi yotambalala 41mm, ndipo mukaivula imayendabe maola 70, pomwe yakale imangokwanitsa masiku awiri.

Musanapereke madola kuno ku Harare, mmisiri ayambe waitsegula. Zachinyengo zimatha kufanana kwambiri ndi zenizeni kunja.