Denga la Corolla likusupuka: kodi tipopere clear pamwamba?

FUNSO: Zikomo bambo. Ndili ndi Toyota Corolla ya 2004, yasiliva, yomwe tinaitanitsa ku Japan kudzera pa Dar es Salaam. Injini ilibe vuto lililonse, koma denga lake layamba kundichititsa manyazi. Poyamba panangotuluka zigamba zotuwa, pano kachikopa kapamwamba kakumatuka, ndipo ndikakanda ndi chikhadabo kamachoka timapepala timapepala. Anyamata otsuka magalimoto anapakapo polishi, panawala masiku ochepa kenaka panabwerera mwakale. Mwana wanga wamwamuna akuti tigule zitini za clear tipopere tokha Loweruka likubwerali. Kodi zingatheke? Galimotoyi imagona panja, ndipo imaswera padzuwa kusukulu komwe ndimaphunzitsa.

Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO: Mayi, mnyamatayo muuzeni ayambe wadikira, ndipo ndalama za zitinizo muzisunge kaye.

Penti ya galimoto yanuyo ndi yosanjikiza. Pansi pali pulayima, yomwe imagwira chitsulo ndi kutchinga dzimbiri. Pakati pali base, mtundu wasiliva uja, womwe pawokha suwala komanso sulimba. Pamwamba ndiye pali clear, yoonekera mkati, yomwe imanyezimiritsa galimoto ndi kuteteza mtunduwo kudzuwa. Clear wa kufakitale amakhuthala ma micron 40 kapena 50 basi (ma micron 1,000 ndiwo amapanga milimita imodzi), ndiye ganizirani kachikopa kotero kakulimbana ndi dzuwa la Okutobala ku Lilongwe chaka ndi chaka. Mankhwala otchinga cheza cha dzuwa omwe ali mkati mwake amatha mphamvu, clear amayamba kutuwa, kenaka amalekana ndi base. N'chifukwa chake matendawa amayambira padenga, paboneti ndi pabuti, pomwe dzuwa limamenya molunjika, zitseko zikadali bwinobwino.

Akalekana choncho, palibe mankhwala omumatanso. Polishi amangonyowetsa potuwapo kuti paoneke ngati pachira. Ndipo polishi amene anapaka anyamata ajayo watiwonjezera ntchito, chifukwa wambiri amakhala ndi silikoni, ndipo penti yatsopano ikakumana ndi silikoni imathawa n'kusiya timaenje. Wopenta asanagwire china chilichonse, dengalo litsukidwe ndi kupukutidwa ndi mankhwala ochotsa mafuta.

Tsono za kupopera pamwamba. Clear watsopano amagwira chimene wachipeza. Akapeza clear wakale yemwe watayana kale ndi base, onse awiri adzamatukira limodzi mvula isanathe. Thina wa m'chitinimo, mankhwala osungunulira penti, amalowanso m'mphepete mwa zigamba n'kuzitukula, ndiye denga limatuluka makwinyamakwinya. Pomwe base wakhala pamtetete miyezi yambiri, ameneyo anapsa kale. Mukamukwecha kuti clear agwire, mtundu wasiliva umaonetsa mzere uliwonse wa sandipepa, poti muli timapalepale tazitsulo tomwe tikasokonezeka sitibwereranso m'malo. Pa mitundu yonse yomwe ndapopera chiyambire ntchitoyi ndili mnyamata, siliva ndiye sakhululuka.

Ntchito yoona imayenda chonchi. Amachotsa timalamba takuda tiwiri ta m'mbali mwa denga, n'kuphimba magalasi ndi thupi lonse la galimoto. Kenaka amakwecha denga lonse, osati pazigamba pokha, ndi sandipepa wa 320 kapena 400 atamukulunga pa kathabwa kosalala, mpaka clear yense wofooka atachoka. Muyeso wake ndi chikhatho: mukasisita mutatsinzina, musamve pomwe chigamba chinathera. Pomwe chitsulo chaonekera amapopera pulayima, ikauma n'kusalaza ndi 600 kapena 800 wa madzi. Apo ndiye base amalowa, mopyapyala kawiri kapena katatu, ndipo clear amabwera pamwamba tsiku lomwelo, kawiri, kudikira mphindi 10 kapena 15 pakati pake. Kupopera kwenikweniko sikutenga nthawi. Chimadya tsiku lonse ndi kukwecha, ndipo ndi pomwe opentera changu amabera.

Mtundu asayerekeze ndi maso. Tsegulani boneti, kapena yang'anani pachipilala cha chitseko cha dalaivala, mupeza kachitsulo kapena kasitika ka Toyota kolembedwa nambala ya penti, ya zilembo zitatu. Siliva wa Toyota alipo wambiri, monga 199, 1C0 ndi 1F7, ndipo akaimikidwa pamodzi padzuwa amasiyana. Nambalayo mupite nayo kwa osakaniza penti.

Clear wake akhale wa 2K, wosakaniza ndi hardener, mankhwala omwe amamuumitsa n'kumulimbitsa. Wa m'zitini wamba uja amangouma ndi mpweya, amakhala wofewa, ndipo padenga la galimoto yoswera panja sachedwa kutuwanso. Zitini za 2K ziliko, zokhala ndi batani kunsi lomwe limaboola hardener, koma ukangoboola uyenera kumaliza chitinicho m'masiku awiri, komanso denga ndi lalikulu moti dzanja losazolowera limasiya mizeremizere. Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi mapapo a mwana wanuyo. Hardener ali ndi mankhwala otchedwa isocyanate omwe amayambitsa mphumu yosachiritsika, ndipo masiki ansalu kapena apepala omwe tinkavala nthawi ya Covid-19 satchinga kanthu. Ndikudziwa anzanga a ntchitoyi omwe lero sangakwere chitunda osaima kaye. Ngati mnyamatayo akufuna kuthandiza, akambirane ndi wopentayo kuti kutsuka ndi kukwecha koyamba achite ndi iye, atavala masiki a fumbi, mtengo utsikeko. Gani yopopera ayisiyire eni ake.

Posankha wopenta, funsani kuti muone chitini cha clear ndi hardener wake ndi maso anu. Muuzeninso kuti akuimbireni akamaliza kukwecha, asanapopere chilichonse, mubwere mudzasisite nokha. Wodziwa ntchito sakwiya nazo. Onaninso pomwe amapoperapo. Ngati ndi pansi pa mtengo wa mango m'mphepo ya Ogasiti, fumbi lonse la mumsewu likathera mu clear wanu. Pakhale potchinga, pansi pothiridwa madzi, ndipo apopere m'mawa mphepo isanadzuke. Tsiku la mvula kapena la chinyezi chambiri asiye, clear amachita mtambo.

Ngati thumba silikulola chaka chino, musadandaule kwambiri. Kusupuka kwa clear sikuwoletsa denga lero ndi lero, pulayima ikadalipo pansi. Muzingoyang'ana pamwamba pa galasi lakutsogolo ndi m'ngalande za timalamba tija. Mukaona matuza kapena kufiira, limenelo ndi dzimbiri ndipo silidikira malipiro. Ntchito ikadzatheka, papite mwezi musanapake polishi, musiye kutsukira sopo waufa wochapira zovala, zitosi za mbalame muzichotsa tsiku lomwelo, ndipo kunyumba mumange kashedi ngakhale ka shade net.

FUNSO: Yanga ndi Hilux yakale yoyera. Sikusupuka, koma ndikaitsamira malaya amayera mbuu. Ndi vuto lomwelo?

Bambo wa ku Mchinji

YANKHO: Ayi bambo, inu muli ndi mwayi. Magalimoto ambiri akale oyera, makamaka mapikapu, anapentedwa penti yosafuna clear pamwamba, ndipo imeneyo ikakalamba imachita ufa m'malo momatuka. Tengani kansalu kakuda, muikepo pang'ono rubbing compound, phala lotikitira penti kuti iwale, mutikite pakona ya boneti. Kansaluko kakayera ndipo pamalopo n'kuwala, ndiye kuti pansi pa ufawo pali penti yabwino. Tikitani galimoto yonse pamthunzi, pang'onopang'ono, mopepuza dzanja m'makona momwe penti ndi yopyapyala, kenaka mupake wax.