Makilomita 70,000 sakundiopsa, amene akundiopsa ndi wogulitsayo

Achimwene, nditangowerenga zoti njinga yamoto mukuifunayo yayenda makilomita 70,000, mtima wanga wangoti myuu, chifukwa mwandikumbutsa zomwe ndinakumana nazo. Musapereke ndalama musanamve izi.

Njinga imene ndinagula ine, mita yowerengera mtunda inkaonetsa makilomita 31,000 basi. Wogulitsa anali munthu amene tinkagwira naye ntchito limodzi, ana athu ankadziwana. Anandiuza nthawi yoti ndifike, ndipo ndinapeza njinga ikulira kale pabwalo, yotsukidwa mbee, injini ikutentha. Ine ndinaona ngati ndi ulemu. Sindinkadziwa kuti injini yotha imabisa matenda ake ikatentha, komanso kuti munthu akathiramo oilo wolemera kwambiri phokoso lam'kati limachepa. Ndinazungulira nayo kawiri n'kulipira.

M'mawa mwake ndinaiponda mpaka thukuta kamukamu. Italira inatulutsa utsi wabuluu. Ndinamuimbira, iye akuti ndi kuzizira chabe, ikazolowera isiya. Ndinamukhulupirira.

Sabata yachitatu ndi imene sindidzaiwala. Kunali kutayamba kuda, mvula ikuwaza, ndanyamula mwana wanga wamkazi wa zaka 9 kumbuyo. Tinali pamtsetse, lole ili pambuyo pathu, magetsi ake ndikuwaona pagalasi. Ndinangomva chitsulo chikugogoda pansi pa thanki, kaka kaka kaka, kenako zii. Injini inagwira. Tayala lakumbuyo linaima nji n'kuyamba kukhukhuluzika pamsewu wonyowa, njinga ikupita cham'mbali. Mpaka lero sindidziwa kuti dzanja langa linafinya bwanji klatchi, koma ndi zomwe zinatipulumutsa, chifukwa tayala linamasuka ndipo ndinaikhotetsera kumbali. Tinakagwera m'ngalande. Lole inadutsa ikuimba hutala, mphepo yake ndinaimva kumaso. Mwanayo sanalire n'komwe, anangondigwira jekete zolimba akunjenjemera, milomo ili gwa. Nditamuunika ndi foni ndi pamene ndinaona kuti mwendo wake unatsamira paekizozi yotentha, khungu lasupuka. Chipseracho ali nacho mpaka pano. Ndikamuona atavala siketi yakusukulu chimandilasa mumtima.

Makaniko atamasula, oilo amene anatuluka sanadzaze ndi kapu yomwe, wakuda bii, muli tizitsulo tonyezimira. Ine ndinkayang'ana oilo kamodzi pa sabata, koma iyo inkamwa kuposa pamenepo. Pisitoni inali itamatirira ku silinda. Silindayo inali itakulitsidwapo kale, pisitoni inali ya saizi yokulirapo, kusonyeza kuti injini anaitsegulapo. M'malo mwa gasket, chotsekera chimene amaika polumikizira zitsulo za injini kuti pasamadonthe, anangomata ndi silicone. Kenako makaniko anandionetsa kuti mita ija siyake, inachokera pa njinga ina, zomangira zake zinali zatsopano pomwe zina zonse zinali ndi dzimbiri.

Ndinapita kwa munthu uja ndi pisitoni m'manja. Anandiyankha kuti, "Munaiyesa nokha, inali ikuyenda." Ndinamuuza za mwana, iye n'kumangoyang'ana foni yake. Munthu woti ankamudziwa mwanayo ndi dzina! Zoti ndalama zinapita ndinazivomereza, koma munthu kudziwa kuti injini ikumwa oilo chonchija, n'kungokhala chete ukudziwa kuti mnzako azinyamulirapo banja? Ngakhale pepani sananene. Tinagwirabe ntchito limodzi chaka chathunthu, ndikumuona tsiku lililonse akuseka ndi anthu. Musagule njinga pongodalira kuti wogulitsayo ndi mnzanu, ndikunenetsa.

Tsono za yanuyo. Ine 70,000 yeniyeni ndimaikonda kuposa 30,000 yabodza. Njinga imene inkayenda maulendo ataliatali, oilo akusinthidwa pa nthawi yake, imakhala bwino kusiyana ndi imene inkangoima n'kunyamuka m'tauni itasenza katundu. Kungoti kainjini kakang'ono ka silinda imodzi kozizira ndi mphepo kamazungulira mothamanga kwambiri, ndiye pa mtunda womwewo kamakhala katatopa kuposa injini yaikulu. Muganizirenso zimenezo.

Pitani m'mamawa, ndipo mumuuze asailize. Gwirani injini ndi dzanja. Ikakhala yofunda, bwererani tsiku lina. Ilizeni inuyo, muime kumbuyo muone utsi. Wabuluu ndiye kuti ikuwotcha oilo, maring'i kapena masilo a mavavu atha. Mvetserani ngati tcheni cham'kati mwa injini chikuwayawaya. Tengani makaniko wanu, osati wake, ayeze compression, kutanthauza mphamvu imene pisitoni imapanikizira mpweya mu silinda, ndipo achotse pulagi muone ngati ili yonyowa ndi oilo. Mano a sprocket, chitsulo chimene tcheni chimazungulirapo, akapindika ngati mbedza, tcheni ndi masprocket onse awiri ndi zogula, muchotsere pamtengo. Onani ngati mashoko akutsogolo akudontha, kwezani tayala lakutsogolo mukhotetse chiwongolero uku ndi uku, chisamakodwe pakati. Pa tayala pamakhala manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa, monga 2319 kutanthauza sabata ya 23 mu 2019. Mphira wa popondera ndi wa pogwirira ukakhala wotheratu pomwe mita ikuonetsa mtunda wochepa, dziwani kuti pali bodza. Nambala ya pachitsulo cha njinga ndi ya painjini zifanane ndi zapamapepala.

Ndipo ngati n'kotheka gulani kwa munthu amene mukumudziwa, amene munkamuona mmene amaisamalira, chifukwa mlendo akakupusitsani simudzamupezanso. Imene ndikukwera pano ndinagula kwa msuweni wanga ili pa 82,000, sindinaiyeze n'komwe compression, ndipo chaka chachitatu chino sinanditayepo panjira. Anandipatsa kabuku komwe ankalembamo tsiku lililonse losinthira oilo.

Funsani wogulitsa wanuyo kuti anasintha liti oilo komaliza, mavavu anawachuna liti, injini anaitsegulapo kapena ayi. Akamazengereza kuyankha musiyeni. Mukaigula, mwezi woyamba muziyang'ana oilo m'mawa uliwonse, ndipo musanyamulepo mwana mpaka mutaidziwa bwino. Ikani kanema kuno ikulira isanatenthe, tiimvere limodzi.