Hummus yanu ikutuluka ya mibulu chifukwa cha makoko a tchana

Mayi wina watilembera kuti anayesa kupanga hummus kunyumba, koma inatuluka yokhakhala ngati phala la mibulu, yowawa pakhosi, pomwe yomwe anadya ku lesitilanti ya Alebanoni inali yosalala. Akufunsa kuti analakwitsa pati.

Amayi, vuto lalikulu lili pa tchana. M'Chiarabu, mawu akuti hummus amatanthauza tchana yemweyo, ndipo dzina lonse la chakudyachi ndi hummus bi tahina, tchana wosakaniza ndi tahini (chiponde cha chitowe). Amadya kwambiri ku Lebanon, Syria, Palestine ndi Jordan, ndipo kumeneko tchana amamuphika mpaka kufika pophwanyika, osati kungofewa ngati nyemba za ndiwo.

Tengani magalamu 250 a tchana wouma, muviike usiku wonse, maola 12, m'madzi ambiri otsiramo theka la supuni ya tiyi ya soda. M'mawa tayani madziwo, tsukani, thirani madzi ena ndi theka lina la supuni ya soda, muwiritse. Soda amachita zomwe chidulo chimachita pa therere: amafewetsa khungu. Pakapita mphindi pafupifupi 20 mudzaona makoko oyera akuyandama pamodzi ndi thovu. Wengulani ndi chikombe n'kutaya. Makoko amenewa ndi omwe amasanduka mibulu ija. Wiritsani mphindi 40 mpaka ola limodzi, kufikira mutati mwatenga njere imodzi pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala ingophwanyika yokha popanda kukanikiza. Mukachulukitsa soda, hummus imamveka sopo, choncho musapyole supuni imodzi yonse pamodzi. Tchana wokhalitsa m'sitolo amavuta kufewa ngakhale muthire soda, ndiye gulani pomwe katundu amayenda msanga.

Kuwawa kuja kumachokera malo awiri. Choyamba ndi adyo. Sinjani tizidutswa tiwiri kapena titatu, muviike m'madzi a mandimu okwana masupuni aakulu anayi kwa mphindi 10 musanasakanize. Kuwawasa kwa mandimu kumachepetsa ukali wa adyo wosaphika. Chachiwiri ndi tahini, amene kwenikweni ndi chiponde cha chitowe. Ngati mukupanga nokha, kazingani chitowe choyera pamoto wochepa mphindi zitatu kapena zisanu, chingoyamba kununkhira basi. Chikangoderapo, tahini yense amawawa ndipo palibe chomukonzera. Chitowe chosachotsa makoko nachonso chimawawa. Chipereni mu blenda ndi mafuta pang'ono mpaka chiyende ngati uchi.

Posakaniza, yambani ndi kupera tchana yekha mu blenda akadali wotentha, mutasefa madzi n'kupatula njere zingapo zoika pamwamba. Wozizira amavuta kupera. Akakhala phala lolimba, onjezani magalamu 120 a tahini, mandimu a adyo aja ndi supuni ya tiyi ya mchere. Pano ambiri amachita mantha, chifukwa tahini akakumana ndi mandimu amalimba ngati dothi loumbira. N'chibadwa chake. Thirani madzi ozizira kwambiri a m'filiji pang'onopang'ono, pafupifupi theka la kapu, blenda ikuzungulirabe, kwa mphindi zinayi kapena zisanu. Mudzaona mtundu wake ukuyera ndipo ikufewa ngati kirimu.

Mafuta a olivi musawathire mu blenda, amayamba kuwawa akazunguliridwa mwamphamvu. Malo awo ndi pamwamba: yalani hummus m'mbale yafulati, kumbani kadzenje ndi msana wa supuni, thiranimo mafutawo, waziranipo zokometsera monga cumin kapena paprika pang'ono, ndi njere zingapo za tchana zomwe munapatula.

Magetsi akathima, mtondo ndi munsi zimagwira ntchito, kungoti mukatha kusinja muidutsitse pa sefa ya waya pokanikiza ndi supuni. Idyani ndi buledi wa pita wofunda, kapena chapati ngati pita palibe. Yotsala imakhala m'filiji masiku atatu, ndipo imalimba ikazizira, choncho muitulutse theka la ola musanadye n'kuitakasa ndi supuni imodzi ya madzi.